A OLIVER TAMBO ANALI MTCHONA NGATI IFE

Abale ndi alongo a pa nchito, inu amene muli ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Chingola, inu amene muli m'mafamu ndi m'makomboni a ku Zimbabwe, inu otsala kumudzi amene mudikira ndalama za kutha kwa mwezi, ndi inu anzathu amene tiri nanu pamodzi kuno ku Germiston, ku Boksburg, ku Benoni, ku Brakpan ndi ku Springs,

Tifuna kulankhula nanu za a Oliver Tambo. Dzina lao mulidziwa, pakuti kuno ku East Rand, kumene tsopano atcha Ekurhuleni, munthu sangayende tsiku lathunthu osaliona. Bwalo lalikulu la ndege la ku Kempton Park lidatenga dzina lao chaka cha 2006, chipatala cha Boma cha ku Boksburg chitchedwa dzina lao lomwelo, ndipo manda ao ali ku Wattville, pafupi ndi Benoni, kumene akuluakulu a Boma amapita ndi nkhata za maluwa mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka. Masiku amenewo timamva zambiri za a Tambo mtsogoleri, a Tambo loya, a Tambo kazembe wa anthu akuda ku maiko akutali. Zonsezo ndi zoona. Koma pali chinthu chimodzi chimene olankhula amangochikhudza pang'ono nadumphira kwina, ndipo ndi chimene chitikhudza ife koposa zonse. Munthu ameneyu anali mtchona. Adakhala kunja kwa dziko lao zaka 30, akuyenda ndi mapepala opatsidwa ndi maiko a eni, mkazi ndi ana ali kwina, iwo ali kwina. Ife amene tidziwa moyo umenewo tiri ndi gawo pa dzina lao, ndipo tinena kuti gawolo tilitenge.

A Tambo adabadwa pa 27 Okutobala 1917 m'mudzi wa Nkantolo, m'boma la Bizana, ku dziko la Amampondo. Dziko limenelo linali ngati Dedza, Ntcheu kapena Mzimba masiku a Wenela: midzi ya amai, ana ndi nkhalamba, pakuti amuna amphamvu anali atalembedwa ku migodi ya golide ndi ku minda ya nzimbe ya ku Natal. Ali mwana anaweta ng'ombe za atate ao. Adaphunzira pa mishoni ya Anglican ya Holy Cross, pambuyo pache napita ku St Peter's ku Johannesburg. Ndalama za sukulu zidachokera kwa amai awiri a ku England amene anathandiza mishoni, ndiponso kwa mkulu wao amene anali pa nchito ku Natal natumiza gawo la malipiro ache. Tiime pamenepa pang'ono. Ndani wa ife sadziwa mwana amene adafika ku sekondale chifukwa cha ndalama za mkulu wache wa ku mgodi kapena malume ache a ku famu ya fodya? Aphunzitsi, abusa ndi anduna ambiri a kwathu adaphunzira motero. Mabuku a mbiri alemba dzina la wophunzirayo, koma la wokumba uja salilemba.

Ku Fort Hare adapata digiri ya sayansi chaka cha 1941, ndipo chaka chotsatira adachotsedwa chifukwa chotsogolera sitalaka ya ophunzira. Adabwerera ku St Peter's kukaphunzitsa masamu ndi sayansi. Chaka cha 1944, pamodzi ndi a Anton Lembede, a Walter Sisulu ndi a Nelson Mandela, adayambitsa nthambi ya achinyamata ya African National Congress, imene idatopa ndi kulemba makalata opempha Boma niyamba kunena za sitalaka ndi kukana malamulo oipa. Chaka cha 1952 a Mandela ndi a Tambo adatsegula ofesi yao ya uloya ku Chancellor House, pafupi ndi khoti la majisitireti la ku Johannesburg.

Tamverani milandu imene inafika pa ofesi imeneyo. Uyu wagwidwa alibe pasi. Uyu pasi ali nayo koma chidindo chidatha. Uyu wapezeka m'tauni popanda chilolezo, ndipo amuuza kuti abwerere kumudzi kumene sanaponde zaka makumi awiri. Mai uyu wagwidwa akufulula mowa. Banja ili lichotsedwa pa malo pamene makolo ache adagona. Kodi simukumva ngati tikuwerenga mabvuto a mlendo wa lero? Mafunso a polisi masiku aja anali omwewa: pepala lako liri kuti, ndipo wakulola ndani kukhala kuno? Nzeru yonse ya Boma la tsankho inali kusandutsa mwini dziko kuti akhale mlendo m'dziko lache. Lidapita nazo patali, kotero kuti chaka cha 1976, pamene lidapereka ufulu wabodza kwa Transkei, anthu ambirimbiri olankhula Chixhosa adauzidwa kuti sali nzika za South Africa ai, ngakhale obadwira ku Benoni. A Tambo adatha zaka zao zoyamba za uloya akuima pakati pa munthu wopanda pepala ndi Boma.

Masiku amenewo anakhala ku Wattville. Anali munthu wa tchalitchi ndi wokonda kuimbitsa kwaya, ndipo chaka cha 1956 Bishopu Ambrose Reeves anali atawabvomera kuti akonzekere unsembe. Koma mwezi wa Disembala chaka chomwecho adagwidwa pamodzi ndi anzao, onse 156, pa mlandu woukira Boma. Ali pa belo adamanga ukwati ndi mai Adelaide Tshukudu, namwino. Mlandu udawachokera, koma unsembe udathera pomwepo. Chaka cha 1958 adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Mfumu Albert Luthuli, Purezidenti wa ANC.

Pa 21 Marichi 1960 apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville pa msonkhano wokana mapasi. Atsogoleri adaona kuti bungwe liletsedwa posachedwa, ndipo adatuma a Tambo kuti atuluke, akhale pakamwa pa bungwe kunja. Patangopita masiku ochepa adaoloka malire a Bechuanaland pa galimoto ya a Ronald Segal, opanda pasipoti. Inu amene mudaolokapo Limpopo mtima uli m'mwamba mudziwa m'mene zimakhalira. Mapepala oyendera adawapeza kwa Boma la India, mwa khama la mai Frene Ginwala. Ndege yaing'ono idawanyamula pamodzi ndi a Segal ndi Dr. Yusuf Dadoo, ndipo pa ulendo wopita ku Dar es Salaam adagona usiku umodzi m'Nyasaland. Umenewo unali mwezi wa Epulo 1960, mwezi womwewo umene Dr. Banda adatuluka m'ndende ya ku Gwelo. Dziko lathu linali likali m'Chitaganya, pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, ndipo sikunali kwa munthu wothawa Boma la Verwoerd kukhalitsa. M'mawa mwache adapitirira.

Anaganiza kuti ndi ulendo wa zaka zochepa. Ndani wa ife sanaganize chomwecho ponyamuka? Tonse tidati tingogula njinga, malata ndi makina osokera, tibwerere. Mai Tambo adawatsata ndi ana nakhazikika ku London, kumene anagwira nchito ya unamwino usana ndi usiku kuti ana adye ndi kuphunzira, pamene bambo anaoneka pakhomo mwa apo ndi apo ngati mlendo. A Luthuli atamwalira chaka cha 1967 katundu yense wa bungwe adagwera a Tambo, a Mandela ndi a Sisulu ali pa chilumba cha Robben. Likulu la bungwe lidakhazikika ku Lusaka, ndipo nyumba imene anakhalamo kumeneko Boma la Zambia lidaisandutsa malo a chikumbutso chaka cha 2017. Abale athu a ku Matero ndi ku Chilenje adakhala nao moyandikana anthu a ANC, kugula nao pa msika umodzi, kukwatirana nao kumene.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi a Tambo adachita nazo chiani zaka 30 zimenezo? Pakuti kutchona pakokha si ulemu. Matchona ambiri tiwadziwa amene adathera m'mashabini, dzina lao kumudzi liri kuiwalika.

Nchito yao yaikulu inali imene siioneka pa chithunzi, ndiyo kusunga anthu obalalika kuti akhale m'bungwe limodzi. Ali yense amene adayesapo kusonkhanitsa anchito makumi atatu a pa fakitale imodzi adziwa kulemera kwache. Kunja anthu amatopa, amalakalaka kwao, amakayikirana, amayamba kufunsana za mtundu ndi chigawo. Mabungwe ena a ufulu adasweka chifukwa cha zimenezi. ANC nayonso idafika pafupi. Itatha nkhondo ya ku Wankie ya chaka cha 1967, a Chris Hani ndi anzao asanu ndi mmodzi adalemba chikalata chodzudzula atsogoleri kuti azolowera moyo wa kunja naiwala nkhondo ya kwao. Ena mwa akulu anafuna kuti anyamatawo alangidwe koopsa. A Tambo adaitanitsa msonkhano ku Morogoro m'Tanzania chaka cha 1969 kuti madandaulo amveke poyera, ndipo ali pakati pa msonkhano adatula udindo wao natuluka, mpaka nthumwi zidawapempha kuti abwerere. Ife a mabungwe a anchito tidziwa atsogoleri angati amene angachite chotero? Pa msonkhano womwewo adatsegula khomo kuti Amwenye, Makaladi ndi Azungu amene anali kunja alowe m'bungwe, ndipo pa msonkhano wa ku Kabwe m'Zambia chaka cha 1985 adawatsegulira ndi mipando ya komiti yaikulu yomwe. Panali ena amene adakana zimenezi nati bungwe ndi la eni nthaka okha. A Tambo sadawatsate.

Sitinena kuti anali mngelo. M'misasa ya ANC ku Angola, makamaka pa ndende yotchedwa Quatro, anthu adamenyedwa, adazunzidwa, ena adaphedwa powaganizira ukazitape kapena chifukwa chodandaula. A Tambo adaika komiti yofufuza chaka cha 1984, ndipo msonkhano wa ku Kabwe udakhazikitsa malamulo a khalidwe, koma nkhanza sizidathe msanga, ndipo iwo ndiwo anali mutu wa bungwe. Komiti ya choonadi ya a Bishopu Tutu idanena poyera chaka cha 1998 kuti ANC idalakwa pamenepo. Amai amene ana ao sadabwereko ku Angola ali ndi chifukwa chosaombera m'manja, ndipo wolemekeza a Tambo moona ayenera kuwamva.

Koma mtima wao unaoneka pa zina. Mwezi wa Disembala 1982 asilikali a South Africa adalowa m'Maseru usiku napha anthu 42, othawa kwao ndi Abasotho omwe. Lesotho yazingidwa ndi South Africa mbali zonse, ndipo anzao adawaletsa kupita, koma a Tambo adapita kukaima pa maliro. Mwezi wa Seputembala 1985 eni chuma a ku South Africa, motsogozedwa ndi a Gavin Relly a kampani ya Anglo American, adakwera ndege kukakumana nao ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, a Kaunda ali mwini bwalo. Taganizani, eni migodi kulondola mtchona kuthengo la kum'mawa kwa Zambia kuti amve maganizo ache! Mwezi wa Marichi 1986 atsogoleri a COSATU, chigwirizano chatsopano cha mabungwe a anchito, adafika nawonso ku Lusaka. Ndipo kuyambira Januwale 1986 a Tambo anali ataika komiti ya maloya ku Lusaka komweko kuti iyambe kuganizira malamulo aakulu a dziko la mtsogolo, okhala ndi mndandanda wa ufulu wa munthu. Nkhani ya komiti iyi tibwereranso.

Mwezi wa Ogasiti 1989, atayendayenda m'maiko ambiri kukonza chikalata cha ku Harare chonena za njira ya zokambirana, adagwidwa ndi nthenda yofa ziwalo. Adabwerera kwao mwezi wa Disembala 1990, thupi litatha, kulankhula kukubvuta. Pa 10 Epulo 1993 a Chris Hani adaomberedwa pakhomo pao ku Dawn Park, m'Boksburg, ndipo patangopita masabata awiri, pa 24 Epulo, a Tambo adamwalira. Wodzudzula ndi wodzudzulidwa a ku Morogoro agona onse awiri m'nthaka ya East Rand. Chisankho choyamba cha anthu onse chidachitika chaka chotsatira. A Tambo sadaponyeko voti m'dziko lao.

Tsopano tifike pa ife. Dzina lakuti Ekurhuleni ndi la Chitsonga, chinenero chimene chilankhulidwanso kumwera kwa Mozambique, ndipo litanthauza malo a mtendere. Mwezi wa Meyi 2008 chiwawa chothamangitsa alendo chidabuka ku Alexandra nifalikira kuno, ndipo m'dziko lonse mudafa anthu 62. Pa komboni ya Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park, bambo wa ku Mozambique adatenthedwa wamoyo masana, anthu akuona. Kuchokera pamenepo kufika pa manda a ku Wattville si kutali. Mwa akufawo, pafupifupi mmodzi mwa atatu ali onse anali nzika za South Africa zomwe, ophedwa chifukwa cha khungu lakuda kwambiri, chinenero, kapena ukwati ndi mlendo. Mwezi wa Seputembala 2019 zidachitikanso ku Katlehong, ndipo mabanja mazanamazana, a ku Malawi ali momwemo, adagona m'maholo a Boma nyumba zao zitatenthedwa.

Zikachitika zotere, anzathu ambiri amayankha ndi mau a ngongole. Amati, tidakusungani pa nthawi ya mabvuto, lero mutibwezera moto. Mau amenewa ali ndi mphamvu pakamwa pa munthu wa ku Zambia, wa ku Mozambique kapena wa ku Tanzania, pakuti maiko amenewo adalipiradi. Matola idaukiridwa chaka cha 1981, Lusaka chaka cha 1986. Koma wa ku Malawi achenjere nao mau amenewa, chifukwa angamtembenukire. Boma la Dr. Banda lidamanga ubale ndi Boma la tsankho chaka cha 1967, a Vorster adacheza ku Malawi chaka cha 1970, Dr. Banda nabwera kuno chaka cha 1971, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu la Lilongwe zidachokera ku Pretoria. Oikira kumbuyo Ngwazi amati dziko losauka lopanda doko silikanachitira mwina. Nkhani imeneyo tidzakangana tsiku lina. Chimene tinena ndi chakuti ngati ufulu wa mlendo uyesedwa ndi ngongole ya maboma, Mmalawi atsala panja, ndipo wa ku Somalia ndi wa ku Bangladesh atsala naye.

Maziko athu ndi ena, ndipo ndi olimba koposa. Ndiwo nchito. Golide amene adamanga Boksburg, Benoni ndi Springs adakumbidwa ndi manja a Amampondo, Abasotho, Mashangani ndi Anyasa, onse m'chikwere chimodzi cholowa pansi. Dr. Banda yemweyo ali mnyamata adagwira nchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep pafupi ndi Boksburg. Bungwe loyamba lalikulu la anchito akuda m'dziko lino, la ICU, adaliyambitsa chaka cha 1919 ndi a Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene Boma lidayesa kuwapitikitsa chaka cha 1920 ngati mlendo wosafunika, koma lidalephera. Chaka cha 1973 amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nipha anchito a ku Malawi 74 ali pa ulendo wobwerera kwao. Ena ambiri adafika kwao ndithu, koma ndi chifuwa cha pfumbi la mgodi, ndipo thumba la chipepeso la Tshiamiso lidakhazikitsidwa mochedwa, chaka cha 2020, ambiri a iwo atagona kale. Lero ana ndi adzukulu ao ali m'mafakitale a ku Wadeville ndi ku Isando, m'magalaja, m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini a eni chuma. Amenewa sadabwere kudzapempha.

Apa ndi pamene komiti ija ya ku Lusaka ibwera. Sitinena kuti a Tambo adalemba okha malamulo aakulu a chaka cha 1996, pakuti anali atamwalira, ndipo adalemba ndi anthu ambiri a zipani zambiri. Koma njira idayambira pa komiti imene iwo adaika, ndipo ambiri a mbali ya ANC amene adakhala pa gome anali anthu odziwa kukhala opanda dziko. Werengani malamulowo bwino. Pa zinthu zina anena za nzika zokha, monga kuponya voti, kulandira pasipoti ndi kusankha nchito imene munthu afuna. Koma pa ulemu wa munthu, pa moyo, pa kusazunzidwa, pa chithandizo cha kuchipatala munthu akadwala mwadzidzidzi, ndi pa chilungamo cha pa nchito, anena za munthu ali yense. Gawo 23 lipatsa wanchito ali yense ufulu wolowa bungwe la anchito ndi kuchita sitalaka. Chaka cha 2008, chaka chomwecho cha moto, khoti la milandu ya anchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chache chogwirira nchito chidatha akali wanchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Ndi angati a ife amene adziwa zimenezi? Bwana adziwa, ndipo sadzakuuzani.

Tisanamizane. Lamulo limeneli silipatsa munthu chilolezo chokhala m'dziko. Wopanda mapepala angathe kugwidwa, kutsekeredwa ku Lindela ndi kubwezedwa kwao, ndipo pali mabwana amene amadikira tsiku la malipiro naitana apolisi. Pali maofesi a mabungwe a anchito amene mlendo akalowa amamuyang'ana ngati wasochera. Ndiponso atsogoleri ena amene amaika maluwa ku Wattville m'mawa ndi omwe amanena pa msonkhano wa madzulo kuti alendo ndiwo atha nchito ndi mankhwala. Lamulo lolembedwa bwino lifanana ndi khasu lokolekedwa pa nkhokwe, limene silipalira lokha.

Tiyeneranso kumva mnzathu wa kuno. Mwa anthu khumi ofuna nchito m'dziko lino, oposa atatu saipeza, ndipo mwa achinyamata chiwerengero ndi choposa. Mnyamata wa ku Tembisa kapena ku Daveyton akanena kuti bwana alemba Mmalawi chifukwa alola malipiro otsika ndipo sayankha, nthawi zambiri anena zoona. Kuyambira pa 1 Januwale 2019 dziko lino liri ndi lamulo la malipiro amene bwana saloledwa kutsika pansi pache, lidayamba ndi R20 pa ola ndipo likwera chaka ndi chaka, ndipo kuyambira chaka cha 2022 anchito a m'nyumba afanana ndi ena onse. Mabwana ena akamayamika Mmalawi kuti ndi wofatsa ndi wokhulupirika, timveko bwino: chimene ayamika ndi kutchipa kwache ndi mantha ache. Wanchito akalola theka la malipiro a lamulo, wadzibera yekha, ndiponso wapatsa bwana chikwapu chokwapulira mnzache. Mnyamata uja walakwa pa chinthu chimodzi, ndicho kuona mdani mwa wanchito mnzache m'malo mwa amene apindula. Akatenthedwa Mmalawi, bwana alemba wa ku Zimbabwe mawa pa mtengo womwewo. Nzeru imeneyi ndi yakale. Eni migodi anagoneka anthu m'komboni mtundu ndi mtundu, chipinda cha Anyasa, chipinda cha Amampondo, chipinda cha Mashangani, kuti akakwiya akwiyirane okhaokha. Mwezi wa Ogasiti 1946, pamene anchito oposa 60,000 adanyanyala motsogozedwa ndi a J.B. Marks kufuna masheleni 10 pa tsiku, migodi yambiri imene idayamba kuima inali ya kuno ku East Rand, ndipo chimene chidaopsa Boma la Smuts ndi kuona zipinda zija zitatuluka pamodzi.

Ife a kwathu tidziwa kusonkhana pa maliro. Mnzathu akamwalira ku Tsakane kapena ku Vosloorus, pasanathe sabata ndalama zonyamulira thupi kupita ku Mangochi kapena ku Mzimba zapezeka, mabuku a msonkhamsonkha ali bwinobwino, mlembi ndi msungichuma alipo. Anthu amene angathe kuyendetsa maliro ulendo wa maiko atatu sangalephere kuyendetsa nthambi ya bungwe. Chimene a Tambo adachita ku Morogoro ndi ku Kabwe ndi kukana kuti bungwe likhale la mtundu umodzi, ngakhale pamene anzao ena adawanyoza nachoka. Chifukwa chache sitikuitanani kuti muyambitse bungwe la Amalawi okha pa fakitale, pakuti limenelo bwana alikonda. Tikuitanani kuti mulowe m'bungwe limene anzanu a kuno alimo, mulipire chopereka, mufike pa misonkhano, muimike dzanja, ndipo ngati ofesi ikuyang'anani moipa, mudzaze mipando kufikira izolowere. Pamene palibe bungwe, monga kwa olembedwa kudzera mwa ma labour broker, ku Germiston kuli ofesi yothandiza anchito a ganyu, ya Casual Workers Advice Office. Ndipo inu a ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Malawi, yang'ananinso m'mene musungira mlendo wa pakati panu, pakuti ana a Anyasa ku Zimbabwe adatchedwa alendo m'dziko lobadwira kufikira malamulo a chaka cha 2013, ndipo othawa nkhondo a ku Burundi ndi ku Congo adasonkhanitsidwa m'matauni a ku Malawi chaka cha 2023 nabwezedwa ku Dzaleka, ana ndi amai omwe.

Kwa inu amene muli kuno, sungani kapepala ka malipiro kali konse, ndipo ngati bwana sapereka, lembani nokha m'kabuku masiku, maola ndi ndalama zimene mwalandira, mnzanu wa pa nchito akhale mboni. Mukachotsedwa, masiku okadandaula ku CCMA ndi 30 okha kuchokera tsiku lochotsedwa, kudandaulako ndi kwaulere, ndipo ofesi ya chigawo chino iri ku Benoni. Pa 27 Okutobala, amene mungathe, tipite ku Wattville, wina atenge mnzache wa kuno amene agwira naye pa makina amodzi. Manda ali poyera, ndipo mai Adelaide Tambo, amene adamwalira chaka cha 2007, agona pambali pa amuna ao.